Giza Ikanyanyala: Njira Zina Zopezera Madzi Otentha Osamba

Vutoli limadziwika bwino mu Juni ndi Julayi. Mwadzuka 5 koloko m'mamawa, ana akuyenera kunyamuka isanakwane 7, mwatsegula shawa n'kutchera dzanja kudikira kuti madzi afunde, koma akungotsika ozizira ngati a mumtsinje wa Likhubula. Dzulo anali otentha, dzana anali ozizira, mawa sizikudziwika. Wa ku Nsanje kapena ku Salima sangamvetse n'komwe chimene tikulira, koma wa ku Dedza, ku Mzuzu, kapena wa ku Blantyre pa masiku a chiperoni akudziwa kuwawa kwake.

Ambiri akatopa amathamangira ku hadiweya kukagula chipangizo china. Ine ndimati yambani mwadziwa chimene chikumathawacho. Madzi otentha a m'shawa amakhala pa mafuwa atatu: magetsi, madzi a kumpopi obwera ndi mphamvu, ndi giza yeniyeniyo, thanki yotenthetsa madzi. Fuwa limodzi likachoka mphika wagwa. Ndiye njira yapadera imene mukufuna iyenera kukhala yosatsamira fuwa lomwe likumachokalo. Kugula shawa yamagetsi pofuna kuthana ndi kuthima kwa magetsi n'kutaya ndalama, koma ndaona anthu ophunzira bwino akuchita zimenezo.

Magetsi alipo koma madzi ndi ozizira

Musanaitane aliyense, pitani pa bokosi la maswichi muone ngati breaker ya giza sinagwe. Kenako onani swichi ina imene imakhala pafupi ndi giza kapena pakhomo la bafa. Nthawi zambiri wina m'nyumbamo anazimitsa pofuna kupulumutsa mayunitsi n'kuiwala kuyatsa, ndipo sangavomere.

Zonse zili bwino? Mita ya magetsi ikuuzani zotsala. Zimitsani zina zonse m'nyumba, yatsani giza yokha madzi ake ali ozizira, muyang'ane mita. Giza ya malita 150 kawirikawiri imakhala ndi element (chitsulo chotenthetsa madzi) ya 3 kW, kutanthauza kuti imadya mayunitsi atatu pa ola. Pakatha mphindi 20 yuniti imodzi ikhale itapita, ndipo kagetsi kofiira ka pa mita kazithwanima mothamanga. Ngati mita ili phee, moto sukufika pa element kapena element yapsa. Apa ndi pa munthu wa zamagetsi, osati mwana wa neba amene amakonza mafoni. Iye athimitse moto wonse pa bokosi, ayese thermostat (kachipangizo koyang'anira katenthedwe ka madzi), popeza zina zimakhala ndi kabatani kodzitetezera kamene kamafunika kudinanso, kenako ayeze element. Ya 3 kW yamoyo imaonetsa ma ohm 17 kapena 18. Ikakhala kuti mukangoyatsa giza swichi yaikulu yoteteza nyumba ikugwa, element yang'ambika ndipo moto ukukhudza madzi. Musakakamize swichiyo, ndipo wina akakuuzani kuti angoilambalala, m'thokozeni apite.

Pali nthawi zina pamene palibe chimene chafa, koma madzi akungofunda pang'ono. Chimodzi ndi magetsi obwera ofooka. Moto wa kuno umayenera kukhala 230 V, koma madzulo m'makwalala ena umatsika, mababu n'kumaoneka achikasu. Ukafika pa 190 V, element ya 3 kW imagwira ngati ya 2 kW, ndiye nthawi yotenthetsa imatalika. China ndi kudontha. Valavu yotulutsa mphamvu ikamadontha pang'ono pamene giza ikutenthetsa, palibe cholakwika. Koma ikamayenda usana ndi usiku, mukutenthetsera madzi udzu wa kuseri kwa nyumba. Tsekani mipopi yonse muone ngati mita ya madzi ikuzungulirabe. Chachitatu chimaphonya ambiri: timer, kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa giza pa nthawi imene mwatchera. Zija zozungulira ngati wotchi zimaima magetsi akathima, ndipo akabwera zimapitiriza pamene zinalekera. Pakatha sabata ya kuthimathima, timer imene munaitchera 4 koloko m'mamawa ikuyatsa giza masana inu muli ku ntchito.

Madzi akasiya, thimitsani giza

Apa ndikhalitsepo chifukwa ndi pamene ma element ambiri amafera, ndipo ineyo ndinaphunzira ndi thumba langa. M'nyumba ina imene ndinkachita lendi ndinasintha element kawiri m'nyengo imodzi yozizira, ndikumanyoza ogulitsa kuti katundu wawo ndi wachinyengo. Pulambala wachiwiri ndiye anakwera kudenga n'kupeza kuti amene anaika gizayo sanaike valavu yoletsa madzi kubwerera m'mbuyo. Madzi akasiya kumpopi, a mu giza ankatsetsereka kubwerera m'mapaipi, ena tinkawatapa tokha potsegula mpopi wa kukhitchini tikumasangalala kuti kwatsalako. Thanki ikatsika, element inkatsala pamtunda. Element imapangidwa kuti izikhala m'madzi, ikayaka pouma imapsa m'kanthawi kochepa.

Kuthima kwa magetsi ndi kusiya kwa madzi zimayenderana m'malo ambiri chifukwa madzi amapopedwa ndi magetsi. Ku Blantyre madzi ambiri amachokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire n'kukwezedwa chitunda chonsecho ndi mapampu. Choopsa ndi chakuti magetsi amatha kubwera madzi asanafike. Ndiye lamulo la panyumba likhale lakuti madzi akangosiya, swichi ya giza ithimitsidwe. Akabwera, tsegulani mpopi wa madzi otentha mpaka mpweya wonse utatuluka, madzi akuyenda osatsokomola, ndiyeno yatsani. Uzani aliyense, ngakhale wantchito ndi alendo ogona. Ndipo funsani pulambala aone ngati valavu ija ilipo, mtengo wake sufika pa wa element.

Giza yanu ndi fulasiki yaikulu

Njira yoyamba yapadera muli nayo kale kudenga. Kutenthetsa malita 150 kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 kumadya mayunitsi pafupifupi 7, ndipo ndi element ya 3 kW ndi maola awiri ndi theka osakwana. Madziwo akatentha sazizira msanga. Giza yabwinobwino yosatsegulidwa imataya madigiri 10 kapena kuposerapo pang'ono pa tsiku lathunthu. Chimene chimaziziritsa giza si kuthima kwa magetsi ayi, koma madzi ozizira amene amalowa nthawi iliyonse wina akatsegula mpopi wotentha, kaya kutsukira kapu imodzi yokha.

Choncho m'nyengo imene magetsi akuthima motsatira ndondomeko ya ESCOM, chizolowezi chozimitsa giza pofuna kusunga mayunitsi chimakutembenukirani. Chimene mumapulumutsa ndi mayunitsi ochepa, koma mumaphonya maola amene moto unalipo usiku. Ine ndimaisiya yoyatsa, timer ndimaichotsa pa ntchito, kuti moto ukabwera 11 koloko usiku giza iyambe yokha. Thermostat ikhale pa 60. Kuitsitsa kwambiri kumachepetsa madzi osamba, komanso madzi ofunda okhalitsa m'thanki ndi malo amene tizilombo toyambitsa matenda ta Legionella timaswana. Mapaipi otentha amene ali pamtunda akulungeni ndi zotchingira kutentha, makamaka ngati giza ili panja kapena kutali ndi bafa.

Tsopano masamu amene amathetsa mkangano m'nyumba. Malita 150 a madigiri 60 mukasakaniza ndi ozizira amapereka malita oyandikira 300 ofunda bwino, ngakhale kumapeto amachepera mphamvu. Shawa yotulutsa malita 10 pa mphindi, munthu n'kuimamo mphindi 8, wamaliza malita 80. Anthu atatu, wachinayi akulira. Koma madzi omwewo mukamatungira mu ndowa ya malita 20, banja lonse lisamba lero ndi mawa lomwe. Tsiku lopanda magetsi shawa ipume, aliyense atunge ndowa yake.

Ndowa, ketulo ndi mbaula

Ena amaona ngati kubwerera ku ndowa n'kutsika, pamene tonse tinakula nayo. Ndi njira yokhayo yosafuna magetsi, mphamvu ya mpopi kapena chilolezo cha a landilodi. Muyezo wake ndi wosavuta: malita 5 owira pa malita 15 ozizira amapereka madzi a madigiri pafupifupi 40. M'mamawa wa Julayi, madzi a m'mgolo atazizira usiku wonse, onjezani owira afike malita 6. Simufunika kuwiritsa chimphika chonse ngati mukufuna kusosola nkhuku. Pa gasi malita 5 sachedwa, pa mbaula ikani madzi pa makala otsala mukaphula nsima, ndipo a m'mamawa mutha kuwiritsiratu usiku n'kusunga m'mafulasiki aakulu awiri kapena atatu.

Thirani ozizira poyamba, otentha pambuyo, ndipo kusakanizako kuchitikire kukhitchini. Kuyenda ndi sefuliya ya madzi owira mumdima, m'nyumba muli ana ang'ono, ndi m'mene ana ambiri amapsera.

Mbaula isalowe m'bafa. Ndikudziwa kuti kukazizira mtima umafuna kuti m'bafamo mufunde, koma makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene sununkha ndipo suoneka. M'kachipinda kotseka munthu amayamba kumva mutu ndi chizungulire, kenako amagwa osathanso kufika pa chitseko. Ngakhale makala aoneke kuti ayaka bwino opanda utsi, mpweyawo ulipo.

Heater yoviika mu ndowa ndi yotchipa ndipo imathandiza giza ikafa magetsi alipo. Ngozi yake ndi yakuti anthu amapisa chala kuti amve ngati madzi afunda isanazulidwe pa khoma. Zulani kaye, kenako gwirani madzi. Iviikeni musanayatse, ndipo isakhudze pulasitiki ya ndowa. Zija zopanga okha ndi waya ndi tizitsulo zimene zinkayenda m'mahositelo sindizitchulanso, zitayeni.

Amene sakufuna kapu pali timapampu ta shawa totchaja ngati foni: kumodzi mumaviika mu ndowa, kwinako kuli kamutu ka shawa. Kamakoka malita ochepa pa mphindi, ndowa imodzi imakwana kusamba mosathamanga. Kwa wa lendi ndiponso kwa agogo amene kuwerama kumawavuta, ichi ndimachiyamikira kuposa zambiri zodula. Masiku a dzuwa, chigubu cha malita 20 chakuda chosiyidwa pa simenti kuyambira m'mamawa chimafunda mokwana kusamba madzulo, bola muchilowetse dzuwa lisanalowe.

Shawa yamagetsi, inverter ndi jenereta

Shawa zotenthetsa madzi pomwepo, monga za Lorenzetti ndi Fame zochokera ku Brazil, ndi zabwino pa vuto limodzi: giza yafa kapena ikudya mayunitsi ambiri, koma magetsi alipo. Zimadya moto pa mphindi zokhazo zimene mukusamba. Zambiri ndi za 5.5 kW, ndiye kuti zimakoka ma amp pafupifupi 24. Zimafuna waya wake wokhuthala wochokera pa bokosi, breaker yake, waya wa earth wolumikizidwa zenizeni, ndi swichi yoteteza ya 30 mA. Mukaona zalumikizidwa ku waya wa babu n'kumata tepi, musalowe. Mukamva kunyerenyetsa pogwira mpopi, tulukani n'kuthimitsa. Zikamangofunditsa pang'ono m'nyengo yozizira, sikuti zawonongeka: mphamvu ya 5.5 kW imakweza malita 4 pa mphindi ndi madigiri 20 okha, ndiye chepetsani madzi pa mpopi, atentha. Nazonso zimapsa zikayaka zopanda madzi, choncho madzi akabwera atasiya, yambani mwawayendetsa swichi ili yothima.

Za inverter ndifupikitse. Batire ya 12 V ya 200 Ah imasunga mayunitsi 2.4, ndipo pa mabatire akale aja mumayenera kugwiritsa theka lokha. Giza ikufuna 7. Jenereta yaing'ono ya 2.5 kVA nayo singanyamule element ya 3 kW. Amene akukuikirani inverter muuzeni giza ndi shawa yamagetsi azisiye kunja kwa mzere wake.

Giza ya gasi

Ngati fuwa limene limakuthawani ndi magetsi, ndipo madzi amabwera bwino, iyi ndiyo ndimaiika patsogolo. Aliyense akukumbuka chaka cha 2022 pamene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya ma megawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Kuthima kwa mtundu umenewo giza yamagetsi singakupirire, ngakhale muikulunge bulangeti. Ya gasi imayaka yokha madzi akayamba kuyenda, moto wake umayatsidwa ndi mabatire awiri aakulu a tochi, ndipo ilibe thanki yodikira. Kusamba kwa malita 40 kumadya gasi pafupifupi magalamu 100, ndiye silinda ya 9 kg ingasambitse maulendo oposa 80 ngati anthu ake sayimba nyimbo zonse za kwaya m'bafa. Pulambala atha kuilumikiza ku mapaipi omwewo ndi mavalavu awiri, kuti muzisankha giza yogwiritsa tsiku limenelo.

Ikakana kuyaka, yambani ndi mabatire. Ngati simukumva kulira kwa "tetete" mukatsegula mpopi, mabatire atha kapena madzi akuyenda mofooka moti chipangizocho sichikuwamva. Kufooka kwa madzi ndiye vuto lalikulu kwa amene amadalira thanki ya pa sitandi. Mamita 10 a kutalika ndiwo amapereka bar imodzi (muyezo wa mphamvu ya madzi), ndiye thanki imene ili mamita atatu pamwamba pa shawa ikupereka 0.3 yokha, ndipo magiza ambiri pamenepo amanyanyala. Funsani ya mphamvu yochepa pogula, kapena ikani kapampu kakang'ono, kamene inverter ingakwanitse. Onaninso kasefa ka polowera madzi ndi tizibowo ta mutu wa shawa, dothi ndi miyala ya m'madzi a mjigo zimatseka. Ikamazima muli pakati pa sopo, kawirikawiri mwatsegula kwambiri madzi ozizira, otentha n'kuchepa mpaka moto kuzima. Tcherani kutentha pa gizapo kuti musamasakanize kwambiri. Mphepo nayo imazimitsa, ndipo zina zinapangidwa kuti zizidzizimitsa pakatha mphindi 20.

Iikidwe panja pa khoma, yotchingidwa ku mvula ndi mphepo, kapena ikhale ndi chumuni yotulutsa utsi kunja. M'bafa ayi, chifukwa chake n'chomwe chija cha mbaula. Moto wake ukhale wabuluu, ukayamba chikasu ndi mwaye itanani wokonza. Polumikiza silinda yesani ndi madzi a sopo, thovu likafufuma pali podontha. Machesi si choyesera.

Giza ya sola

Dzuwa tili nalo, ndipo kwa mwini nyumba amene sasamuka iyi imabweza ndalama zake pa mayunitsi. Koma dziwani kuti masiku amene mumafunitsitsa madzi otentha, a chiperoni ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, ndi omwewo dzuwa limabisala masiku awiri kapena atatu. Ndiye sola nayo imafuna mnzake, kaya element ya mkati, gasi kapena ndowa ija.

Ikamapereka madzi ofunda chabe kunja kuli ngwee, onani kumene yayang'ana. Kuno tili kum'mwera kwa equator, iyenera kuyang'ana kumpoto, ndipo nthawi yozizira dzuwa limatsikira komweko. Ambiri amangotsatira m'mene denga lapendekera. Onani mthunzi wa mtengo wa mango umene unali waung'ono pamene ankaika. Pukutani fumbi, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula. Pa zija za machubu agalasi, yang'anani kunsi kwa chubu chilichonse: pakhale ponyezimira ngati siliva. Pakasanduka poyera ngati ufa, chubucho chalowa mpweya ndipo chasiya ntchito, chimasinthidwa chokha. Madzi akasiya thanki n'kuuma, musalole ozizira alowe masana, machubu otentha amasweka. Dikirani madzulo kapena m'mamawa.

Madandaulo awiri amabwera mobwerezabwereza. Loyamba, madzulo ndi otentha koma m'mamawa ozizira. Chachitika n'chakuti onse asamba madzulo, thanki yadzaza ozizira usiku, dzuwa kulibe. Werengerani malita pafupifupi 50 pa munthu pogula, kapena gwirizanani osamba madzulo ndi osamba m'mamawa. Lachiwiri, shawa ikukana kusakaniza: mwina moto, mwina chisanu. Magiza ambiri a sola otchipa ndi a mphamvu yochepa, pamene madzi ozizira akuchokera ku mpopi ndi mphamvu yonse, ndiye ozizira amakankha otentha kubwerera kudenga. Mankhwala ake n'kutenga ozizira a m'bafa ku thanki yofanana msinkhu, kapena kuika valavu yochepetsa mphamvu yawo. Mu Okutobala madzi a sola amayandikira kuwira, choncho nyumba ya ana ndi okalamba ikhale ndi valavu yosakaniza yokha madzi asanafike pa mpopi.

Kwa amene ali ndi malo

M'maesiteti ndi m'malo ogona alendo akumidzi mudakali mgolo wa malita 200 wogonekedwa pa ng'anjo ya njerwa, umene achikulire amautcha Rhodesian boiler. Umagwira, ndipo zitsononkho, makoko ndi nthambi zosadza zimakwana, osafunika kugwetsa mtengo. Mgolowo ukhale ndi paipi yopumira yotseguka nthawi zonse, yokwera kupitirira thanki imene ikuudyetsa, yopanda valavu kapena mpopi uliwonse. Wina akaona ikulavula madzi n'kuitseka, mgolo wa madzi owira umaphulika. Ndiponso usasonkhezedwe moto ngati mulibe madzi. M'tauni pa puloti yopanikizana utsi wake udzakudanitsani ndi aneba, ndiye kumeneko ine ndingasankhe silinda.